Kuweruka Si Kusiya Ntchito

M'Chichewa tili ndi mneni mmodzi amene amasenza katundu wambiri: kuweruka. Munthu akati "ndaweruka", womva amadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, ntchito ya lero yatha. Chachiwiri, munthuyo wachoka kapena akuchoka pamalo a ntchito. Chachitatu, mawa kukacha abweranso. Palibe angamve kuti mnzathuyu watsanzikana nayo ntchito mpaka kalekale. Mwana wa sukulu amaweruka, mlimi amaweruka kumunda, namwino amaweruka kuchipatala, ndipo mneni wake ndi yemweyo.

Chingerezi sichili choncho. Chili ndi aneni angapo ogawana katundu ameneyu, ndipo aliyense ali ndi pake. Ena ndi a pocheza, ena ndi a m'kalata. Ena amaloza nthawi yomaliza ntchito, ena amaloza ulendo, ena amaloza kufika. Aliponso ena ofanana nawo nkhope, amene munthu akawatola mosasamala amapezeka wanena kuti wachotsedwa ntchito kapena waisiya yekha. M'nkhani ino ndikufuna kugawana nanu, aphunzitsi anzanga, zimene ndakhala ndikuona pophunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu amene adamaliza kale kalasi ya kuwerenga ndi kulemba Chichewa. Zambiri mwa izi zikhoza kukuthandizaninso m'makalasi akumapeto a pulayimale ndi ku sekondale.

Chifukwa chiyani mutu waung'ono chonchi?

Mabuku ambiri ophunzirira Chingerezi amafotokoza za m'mawa mwatsatanetsatane: kudzuka, kusamba, kudya, kukwera basi. Akafika madzulo amangoti "I go home", basi nkhani yathera pomwepo. Koma taganizirani za ophunzira athu. Ena ndi alonda, ena amagwira ntchito m'nyumba za anthu, ena ndi madalaivala, atelala kapena ogulitsa m'masitolo. Funso lakuti amaweruka nthawi yanji limawapeza pofunsira ntchito, pokambirana za ndalama ya ovataimu, ndi popempha kuti achoke msanga chifukwa cha maliro kapena mwana wodwala. Pa nthawi zotere mneni mmodzi amakhudza malipiro a pamwezi.

Pamene ndinkaphunzira njira zophunzitsira anthu akuluakulu, tidamva zambiri za Paulo Freire wa ku Brazil. Mu 1963, ku Angicos, gulu lake lidaphunzitsa anthu pafupifupi 300 kuwerenga ndi kulemba poyambira pa mawu otengedwa m'moyo wa anthuwo, osati m'buku lolembedwera ana. Mfundo yake inali yakuti munthu wamkulu amagwira msanga liwu limene likumukhudza pamtima kapena m'thumba. Ine ndidapeza kuti "kuweruka" ndi limodzi mwa mawu otere. Mukangolilemba pabolodi, kalasi yonse imayamba kuyankhula. Wina adandaula kuti abwana samuwerutsa pa nthawi yake, wina anena za mdima ndi achifwamba panjira, wina za minibasi zimene zimakwera mtengo madzulo. Phunziro la Chingerezi likayambira pamenepo, simuvutika kudzutsa anthu.

Tiyambire kwathu

Ndisanatchule liwu la Chingerezi ngakhale limodzi, ndimafunsa ophunzira kuti andiuze mawu onse amene akuwadziwa a nthawi yochoka kuntchito. M'chigawo chathu chino mawuwa ndi ambiri. Anzathu a ku Zambia amati kukomboka. M'Chizulu amati ukushayisa, m'Chindebele ukutshayisa. Madala amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela kapena Theba adabwera ndi liwu la Chifanakalo lakuti tshayile. M'zaka zanga zoyambirira ndinkakhala nawo m'kalasi madala otere, ndipo nthawi ikatha wina ankangoti "tshayile, aphunzitsi", anthu n'kuseka uku akutola makope awo. Tsinde la mawu atatu omalizawa ndi mneni wotanthauza kumenya, monga mmene belu kapena chitsulo chimamenyedwera nthawi ikakwana.

Ntchito imeneyi imatenga mphindi 10 zokha, koma phindu lake ndi lalikulu. Ophunzira amaona okha kuti chinthu chimodzi chikhoza kukhala ndi mawu angapo, ndipo kuti munthu amasankha malinga ndi amene akuyankhula naye. Sanganene tshayile kwa apongozi ake. Akazindikira kuti kusankha kotereku amakuchita kale tsiku ndi tsiku, sachita mantha mukawauza kuti Chingerezi nachonso chimafuna zomwezo.

"Knock off": liwu lathu lomwe

Mukafunsa munthu wa ku Blantyre, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg kuti kuweruka m'Chingerezi n'chiyani, ambiri adzayankha kuti "knock off". Ndakumanapo ndi aphunzitsi amene amalidula ndi cholembera chofiira, ati ndi Chingerezi cha m'misewu. Ine sindigwirizana nawo. "Knock off" ndi Chingerezi chenicheni, ndipo madikishonale a ku Britain amalilemba ndi tanthauzo lomweli, kungoti amachenjeza kuti ndi la pocheza. Mwa aneni onse ndi limene limayandikira kwambiri kuweruka kwathu, chifukwa silingamveke ngati kusiya ntchito.

Kusiyana kuli pa malo amene limaloledwa. Kuno kwathu munthu akhoza kunena "I knock off at 5" ngakhale kwa abwana kapena pamsonkhano, ndipo palibe angadabwe. Ku Britain limamveka la anthu ocheza, makamaka ogwirira ntchito limodzi. Ku America anthu ambiri amakonda kunena "get off work". Choncho ophunzira ndimawauza kuti liwuli alisunge ndi kuligwiritsa ntchito mosaopa, koma m'kalata yofunsira ntchito, m'lipoti kapena pa mayeso aikepo "finish work".

Ndi bwinonso adziwe kuti "knock off" ali ndi matanthauzo ena. Wogulitsa akati "I will knock 500 off the price" ndiye kuti akuchotserani 500 pa mtengo. Munthu akakukalipirani kuti "Knock it off!" akuti lekani zimene mukuchitazo. Nsapato kapena foni imene akuitcha "a knock-off" ndi yachinyengo, yongotengera maonekedwe a yeniyeni. Matanthauzo awa sasokoneza kawirikawiri, popeza chiganizo chonse chimaonetsa chimene chikunenedwa, komabe wophunzira akakumana nawo pa kanema asadabwe.

"Leave": pamene pali dzenje

Mneni amene wapweteketsa anthu ambiri ndi "leave". M'Chichewa tili ndi kuchoka, kusiya ndi kunyamuka, aneni atatu osiyana. Chingerezi chimawaika onse m'thumba limodzi la "leave", ndipo chimene chimasiyanitsa tanthauzo ndi timawu ting'onoting'ono totsatira.

Mayi wina amene adaphunzirapo m'kalasi mwanga adapita ku Johannesburg kukagwira ntchito m'nyumba. Atagwira masabata awiri okha, Lachisanu lina la mu Disembala abwana ake aakazi adachokapo masana. Nthawi itakwana, mayiyo adakiya pakhomo, n'kusiya makiyi pamene ankawasiya masiku onse, n'kutumiza uthenga pa foni wakuti: "Madam, I am leaving the job now. I am going home." Iye ankatanthauza kachipinda kamene ankachita lendi. Koma abwanawo ankadziwa kuti mu Disembala anthu ambiri ochokera m'maiko ena amabwerera kwawo. Adamva kuti mayiyu wasiya ntchito ndipo akukakwera basi ya ku Malawi. Adayankha kuti "OK, thank you for everything", mayiyo n'kuona ngati ndi ulemu wa abwana abwino. Lolemba m'mawa adapeza munthu wina akukolopa m'nyumbamo. Zidatenga sabata yathunthu, ndi thandizo la mnzake wodziwa bwino Chingerezi, kuti ntchito imubwerere, ndipo malipiro a sabatayo adapita.

Atabwera kudzaona ana adandipeza n'kundifotokozera. Adati: "Aphunzitsi, inetu ndinalemba bwinobwino. Sipelingi yonse ndinakhoza, ndinachita kubwereza kawiri."

Ndidati: "Zoonadi mayi, sipelingi munakhoza. Chinakupwetekani ndi mawu awiri okha, 'the job'. Mukanalemba 'work' pamenepo bwenzi Lolemba mutangolowa n'kutenga tsache lanu."

Kuyambira pamenepo nkhani imeneyi, ndi chilolezo chake, ndimaifotokoza m'kalasi iliyonse, ndipo kenaka ndimalemba ziganizo izi pabolodi:

"I leave work at 5." Ndimaweruka 5 koloko.
"I left work early." Ndinaweruka msanga.
"I left the office at 4." Ndinachoka mu ofesi 4 koloko.
"I leave for work at 6." Ndimanyamuka 6 koloko kupita kuntchito.
"I left my job." Ndidasiya ntchito.

Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, "work" wopanda "the" kapena "my" amaimira malo ndi nthawi ya ntchito, pamene "job" ndi ntchito imene munthu adalembedwa. Kuchoka pa "work" ndi kuweruka, kuchoka pa "job" ndi kusiya. Chachiwiri, mperekezi "for" amatembenuza ulendo wonse. "Leave work" ndi madzulo, nkhope yaloza kunyumba. "Leave for work" ndi m'mawa, nkhope yaloza kuntchito. Ndimawalangizanso kuti nthawi zonse aziphatikizapo nthawi kapena tsiku, monga "at 5", "now" pamodzi ndi "see you on Monday", chifukwa ngakhale "left work" nthawi zina amatanthauza kusiyiratu, monga ponena za mayi amene adasiya ntchito kuti azilera ana. Mawu akuti "see you tomorrow" amatseka khomo lililonse la kusamvana.

"Finish" ndi banja la "off"

Wophunzira akandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tangondipatsani limodzi loti ndizigwiritsa paliponse", ndimamupatsa "finish". "I finish work at 5" ndi chiganizo chimene chimamveka bwino kwa abwana, kwa mnzako, m'kalata ndi pa mayeso, kuno ndi kunja komwe. Funso lake ndi "What time do you finish?" Pofuna kunena kuti za lero zatha, munthu amati "I have finished for the day."

Apanso kamawu "the" kamasintha zinthu. "Finish work" ndi kuweruka, koma "finish the work" ndi kumaliza ntchito inayake imene wapatsidwa. Mmisiri womanga nyumba amachita "finish work" tsiku lililonse madzulo, koma "finish the work" adzachita tsiku limene adzapereke makiyi. Mmisiri akauza mwini nyumba kuti "I will finish the work at 5", asadabwe mwiniyo akabwera 5 koloko ndi katundu wake pagalimoto. Ndiponso "I am finished" ndimawauza asamale naye, chifukwa nthawi zina amamveka ngati munthu akuti zake zada. "I have finished" alibe vuto limeneli.

Tsopano banja la "off". "I get off work at 5" ndi kuweruka, ndipo ndi limene ophunzira adzalimva kwambiri m'mafilimu a ku America. Ndimawauza asamasiye "work", popeza "get off" payekha ndi kutsikanso basi. "I'm off" kapena "I'm off now" ndi kutsanzika kwa munthu amene wanyamula kale chikwama, ngati ife tikamati "ndapita". Koma "I'm off today" ndi nkhani ina: lero sindikugwira ntchito, ndili pa ofu. "Off duty" ndi la anthu a mashifiti monga anamwino, apolisi ndi alonda, kutanthauza kuti nthawi ino sali pantchito.

Palinso "clock off", "clock out" ndi "punch out". Mawu awa adachokera ku makina olemba nthawi imene wantchito walowa ndi kutuluka. Willard Bundy wa ku New York, ku America, adapanga wotchi yotere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo kampani yopanga mawotchiwo idadzakhala mbali ya kampani imene mu 1924 idayamba kutchedwa IBM. Masiku ano m'mafakitale ndi m'masitolo akuluakulu anthu amadinda ndi khadi kapena chala, koma mneni ndi yemwe uja. Wophunzira wogwira ntchito pamalo otere aziwadziwa mawuwa, chifukwa malipiro ake amawerengedwa kuchokera pamenepo. Amene kuntchito kwake kulibe makina sakufunika kuwagwiritsa ntchito.

Lomaliza ndi "call it a day". Awa ndi mawu a anthu amene akugwira ntchito limodzi n'kugwirizana kuti zakwana, tilekere pano. "Let's call it a day" amanena ndi kapitawo, kapena anthu ofanana udindo. Wantchito watsopano asauze abwana ake choncho.

Ulendo wa kunyumba

Kuweruka kukatha pamatsala ulendo. Lamulo loyamba ndi lodziwika koma limaiwalika: "home" safuna "to" patsogolo pake. Timati "go home", osati "go to home", ngakhale timati "go to work" ndi "go to my house". Sindivutika kufotokoza galamala yake kwa akuluakulu. Ndimangowauza kuti "home" ali kale ndi "ku-" wake m'kati, monga "kwathu". Sitinena kuti "ku kwathu".

Pa "go" ndi "come" Chichewa chimatithandiza. Mnzako wa kuntchito umamuuza kuti "ndikupita kunyumba", ndiye "I'm going home". Akunyumba ukawaimbira foni umati "ndikubwera", ndiye "I'm coming home". Zilankhulo ziwirizi zikugwirizana. Zimasiyana pa "ndikubwera" uja timanena potuluka pang'ono. Kuno "I'm coming" wotere aliyense amamumva, koma mlendo amadabwa kuona munthu akuti akubwera uku akupita. Iye amayembekezera "I'll be right back."

"Head home" ndi kuyamba ulendo, ndipo amamveka bwino pocheza: "I'm heading home." Uli panjira umati "I'm on my way home." Kufika ndi "get home": "I get home at 7." Ophunzira athu amakonda "reach home". Aliyense amamva tanthauzo lake, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku India ndi mmene anthu amanenera, koma a ku Britain ndi ku America pocheza amati "get home". "Return home" ndi "depart" ndi a m'zolembalemba. "Depart" amayenera basi, sitima ndi ndege. Munthu akati "I departed from work and returned home" palibe cholakwika m'galamala, kungoti akumveka ngati akuwerenga lipoti kupolisi.

Chinthu china chimene chidasokoneza mayi wa ku Johannesburg ndi "home" yemweyo. Ife timasiyanitsa kunyumba ndi kumudzi. Chingerezi chimatcha zonse "home". Munthu amene ali kudziko la eni, kapena amene akugwira ntchito m'tauni kutali ndi kwawo, akati "I'm going home" womva akhoza kuganiza za ulendo wautali. Mankhwala ake ndi omwe aja: aphatikizepo "see you tomorrow", kapena anene kuti "I'm going home for the day."

Mawu ofanana nkhope koma oluma

Pali aneni amene ndimawalemba pambali, m'bokosi lawolawo, kuti ophunzira awazindikire ndi kuwapewa ponena za kuweruka.

Woyamba ndi "dismiss". Amene adafikako ku pulayimale amakumbukira mphunzitsi akuti "class dismissed" nthawi yoweruka. Ndiye amati "I was dismissed at 5." Pantchito, "dismissed" ndi kuchotsedwa. Bambo wina, mlonda, adayankha choncho pamene tinkayeserera mafunso ofunsira ntchito, ndipo mnzake amene ankasewera ngati bwana adafunsa mwachangu kuti, "Munaba chiyani, achimwene?" Kalasi idaseka, koma tonse tidaona kuti zikadachitika pamaso pa bwana weniweni ntchitoyo sakadaipeza.

Wachiwiri ndi "laid off". Chifukwa cha "off" ena amaganiza kuti ndi m'bale wake wa "day off". Ayi, ndi kuchotsedwa ntchito chifukwa ntchito yachepa kapena kampani ikuchepetsa anthu. "Quit" ndi "resign" ndi kusiya wekha. "Retire" ndi kupuma pantchito chifukwa cha zaka. "I stopped working" wopanda nthawi amamveka ngati munthu sakugwiranso ntchito konse. Mawu awa ndi ofunika kuwadziwa, chifukwa wantchito adzawaona m'makalata, koma malo awo si pa 5 koloko madzulo.

Mmene ndimaphunzitsira

Sindipereka mndandanda woti aloweze. Akuluakulu amabwera m'kalasi atatopa, ndipo mndandanda umathera m'kope. Ndimabwereka nzeru ku njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador. M'njira imeneyi ophunzira amajambula okha pansi mapu, makalendala ndi ndondomeko ya tsiku lawo pogwiritsa ntchito timitengo, miyala ndi mbewu, ndipo mawu oti aphunzire amachokera pa chojambulacho.

Timatuluka panja. Timalemba mzere pansi n'kuikapo miyala itatu. Mwala woyamba ndi geti la kuntchito, wachiwiri ndi panjira, wachitatu ndi pakhomo la kunyumba. Wophunzira amaima pa mwala woyamba n'kunena nthawi yake yeniyeni: "I finish work at 6." Amasuntha: "I'm on my way home." Amafika: "I get home at 8." Woweruka m'mawa, monga mlonda, amanena zake. Mlimi amati "I finish in the field at 11." Thupi likayenda, mneni amakhazikika pamalo pake, ndipo palibe amene amasokonezanso "leave work" ndi "leave for work" akayenda mzerewo kupita ndi kubwerera.

Gawo lachiwiri ndi la foni. Anthu atatu amakhala pamipando: wina bwana, wina mnzake wa kuntchito, wina wa kunyumba. Wophunzira amauza aliyense uthenga womwewo wakuti akuweruka, koma ndi mawu oyenera munthuyo. Kwa bwana: "I have finished for the day. See you tomorrow." Kwa mnzake: "I'm knocking off" kapena "I'm off." Kwa akunyumba: "I'm coming home." Kenaka amalemba mauthengawo m'kope monga mmene angalembere pa WhatsApp. Masiku ano mauthenga ambiri a pakati pa wantchito ndi bwana ndi olemba, ndipo polemba palibe nkhope kapena chikwama cha m'manja chothandiza womva kuzindikira chimene ukutanthauza.

Pomaliza ndimawasiyira mafunso atatu oti azidzifunsa asanatsegule pakamwa. Ndikuyankhula ndi yani? Ndili pa mwala uti? Kodi womvayo adziwa kuti mawa ndibweranso?

Tsiku lina tili pa miyala paja, mayi wina wachikulire adakana kuima pa mwala woyamba. Adati: "Aphunzitsi, nanga ife a pakhomo timaweruka nthawi yanji? Mwala wanga ndi uti pamenepa?" Amayi anzake adavomereza. Wina, wogulitsa mu sitolo, adati iye amaweruka 5 koloko n'kukayamba ntchito ina ya madzi, nkhuni ndi mphika. Tidakambirana nthawi yaitali m'Chichewa, abambo ena akudziteteza, ena ali chete. Kenaka mayi woyamba uja adapempha choko n'kulemba yekha pabolodi: "I never knock off." Mnzakeyo adalemba pansi pake: "I finish work at 5 and I start work at 6." Ziganizo zonse ziwiri zinali zokhoza, ndipo sindidawapatse ndine. Apa m'pamene ndimaona kuti mneni walowa: munthu akamugwiritsa ntchito kunena chimene chili kukhosi kwake.

Tikonze ziti, tisiye ziti?

Mphunzitsi mnzanga wina adandifunsapo kuti, ndi maola ochepa amene tili nawo, bwanji osangophunzitsa "finish work" ndi "go home" n'kupita pa mutu wina. Funso lake ndi lomveka. Ngati nthawi ilidi yochepa, awiri amenewo ndi okwanira kuyankhula. Koma wophunzira samangoyankhula, amamvanso. Bwana akamufunsa "What time do you get off?" kapena kalata ikanena kuti "laid off", ayenera kuzindikira. Choncho ndimagawa pawiri: ochepa oti azinena, ambiri oti azimva.

Pokonza zolakwa ndimagawa patatu. Pali zimene zimasintha tanthauzo, monga "leave the job" ndi "dismissed". Izi ndimakonza nthawi yomweyo, chifukwa zikhoza kumudyera munthu ntchito. Pali zimene zili zosiyana chabe ndi Chingerezi cha kwina, monga "reach home" ndi "I'm coming". Izi sindizitcha zolakwa, ndimangofotokoza kumene zimamveka ndi kumene zingadabwitse. Ndipo pali zokhoza kale, monga "knock off", zimene ndimaziyamikira. Munthu wamkulu amene wadzichepetsa kubwerera pa benchi ya sukulu, mukamuuza kuti ngakhale kamene ankakadziwa n'kolakwika, sabata yamawa simumuonanso. Ndiponso ndimawalimbikitsa kuti akakayika azifunsa womvayo ngati wamva bwino. Paja safunsa adadya phula.

Zoti muchite

Musanapite pa mutu wotsatira, yesani izi. Kwa sabata imodzi, mvetserani mmene anthu a kusukulu kwanu, pa wailesi ndi pa kanema amanenera za kuweruka m'Chingerezi, ndipo lembani chiganizo chilichonse pamodzi ndi amene amanena ndi amene amauzidwa. Kenaka funsani ophunzira anu mawu a kuweruka m'zilankhulo zawo zonse, muwalembe pabolodi. Yesani phunziro la miyala itatu, ndipo muone mwala umene ophunzira anu akupunthwapo kwambiri. Pomaliza, apatseni uthenga wa mayi wa ku Johannesburg uja kuti aukonze m'magulu, popanda inu kuwauza pamene pali vuto. Zimene mupeze mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana la gulu lanu la maphunziro.